Tsiku limodzi ndi operekeza alendo ku Linga: mbiri yokoma, boti lofunika kukonza

Ndimaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale m'boma la Salima, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikufuna kutengera ophunzira a fomu 3 ku Nkhotakota kuti akaone ndi maso awo malo amene timangowalemba pabolodi. Chinkandibweza m'mbuyo n'chakuti sindinkafuna kusonkhetsa makolo ndalama za ulendo umene ineyo sindinauyesepo. Nditamva kuti ku Linga, ku Nkhotakota komweko, kuli kagulu ka anthu atatu kamene kamaperekeza alendo m'malo a mbiri ya a Jumbe, mafumu a Chiswahili amene ankachita malonda a akapolo kumeneko, kuwadyetsa nkhomaliro n'kuwakwezanso boti kuti akaone gombe ali panyanja, ndinaganiza zopita kaye ndekha Loweruka lina m'mwezi wa Julayi, pamodzi ndi mayi mnzanga amene amaphunzitsa jogalafe. Dzina la kaguluka sindilitchula, chifukwa pali zina zimene ndikudandaula nazo ndipo eni ake analonjeza kuti azikonza.

Kukambirana pafoni kunayenda bwino kwambiri. Anatiuza mtengo umodzi wa tsiku lonse, tinatumiza theka lake pafoni, theka linalo tinapereka pamanja madzulo, ndipo palibe amene anatipempha kangachepe kapadera panjira. Anatichenjezanso pasadakhale kuti mnzangayo atenge mpango wakumutu chifukwa tikalowa pamalo a mzikiti. Vuto linayamba ndi nthawi. Tinapangana 8 koloko, ife tinanyamuka ku Salima mbandakucha n'kufika nthawi yake, koma bambo wotiperekeza anatulukira 9 koloko itapitirira kale, akupepesa kuti amasakasaka mafuta a boti. Ola limenelo linkaoneka laling'ono m'mawa, koma masana tinalilipira panyanja.

Tinayambira pamkuyu wa Livingstone, pamishoni ya mpingo wa Anglican. Bamboyo anafotokoza bwino kuti David Livingstone anafika panyanja ino koyamba mu 1859, anadutsa gombe lino pa boti mu 1861, n'kubweranso wapansi mu 1863, pamene anapeza Aluya akukhoma chombo chowolotsera anthu ogwidwa. Kenaka anati pansi pa mtengowo ndi pamene malonda a akapolo anathera. Apa ndinamudula mawu, chifukwa malondawo anapitirira zaka zoposa 30 Livingstone atachoka, mpaka pakati pa zaka za m'ma 1890. Iye sanakane. Anati, "Aphunzitsi, mukunena zoona, koma alendo ambiri amafuna kumva kuti nkhaniyi inathera pansi pa mtengo uno." Ndinayamikira kudzichepetsa kwake, komabe sindikugwirizana nazo zopatsa mlendo nkhani yofupikitsa chifukwa choti ndi imene akuyembekezera, makamaka mlendoyo akakhala mwana wasukulu amene akayankhe zomwezo pamayeso. Tchalitchi chili pafupi pomwepo anati tichisiye kaye, tidzamalizira kumeneko, ndipo pambuyo pake ndinaona kuti anali ndi chifukwa chomveka.

Pamene ndalama yathu inagwiradi ntchito ndi kumzikiti wakale ndi kumanda a a Jumbe. Tisanalowe, bamboyo anapita yekha kukaodira kwa akuluakulu amene anakhala pamthunzi, n'kunena kuti, "Odi a Shehe, ndabwera ndi alendo, aphunzitsi a ku Salima," ndipo anadikira mpaka atatiloleza. Kenaka anatola kamtengo n'kujambula pamchenga madontho atatu: Linga, Kilwa (doko la kunyanja yamchere, ku Tanzania wa lero) ndi Zanzibar. Anati amene sakumvetsa mzere wolumikiza madontho atatuwa sangamvetse chifukwa chake tawuni ino inakula, ndipo kwa ola lathunthu anatiyendetsa mumzere umenewo mosadodoma.

Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera kugombe la nyanja yamchere, anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, nthawi yomweyo imene Seyyid Said, mfumu ya Oman, anali atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kupita pachilumba cha Zanzibar. Zinthu ziwirizi sizinangochitikira limodzi mwangozi. Pa Zanzibar ndi pa Pemba ankatsegula minda ya karafuu (zokometsera chakudya zimene pa Chingerezi amati cloves) imene inkafuna manja ambiri, ndipo maiko akunja ankalimbirana minyanga ya njovu. Amwenye olemera a pachilumbapo ankakongoza amalonda nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, amalondawo n'kulowa nazo kumtunda miyezi yambiri, ndipo ngongoleyo inkabwezedwa ndi minyanga ndi anthu. Nkhotakota inali pamalo abwino m'njira imeneyi chifukwa mchenga wa Sungu umatchinga doko kumafunde, kutsidya kuli gombe lakum'mawa kumene njira ya ku Kilwa inkayambira, ndipo kumbuyo kuli njira zopita kwa Mwase ku Kasungu mpaka kuchigwa cha Luangwa. Jumbe ankakweza mbendera yofiira ya mfumu ya Zanzibar n'kumadziona ngati woimirira mfumuyo kuno, ngakhale kuti mfumuyo inalibe asilikali kapena osonkhetsa msonkho pagombe lino. Mphamvu ya chilumbacho kuno inali ngongole, katundu ndi dzina. Mfundo imeneyi ndakhala ndikuvutika kuifotokoza m'kalasi, ndipo bambo uyu anaimveketsa ndi kamtengo pamchenga.

Ndinakondanso kuti sanabise mbali ya makolo athu. Mafumu a Achewa a m'dera lino, kuphatikizapo a Malengachanzi, analandira mlendoyo, ndipo anthu ambiri othawa nkhondo za Angoni anadzamanga pafupi ndi iye chifukwa anali ndi mfuti zowatetezera. Walira mvula walira matope: chitetezocho chinabwera ndi mwini wake, amene m'kupita kwa nthawi anaposa mphamvu eni nthaka. Mapeto a ufumuwo anawalongosola mwadongosolo lomweli. Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anafika kuno atanyamula makalata a mfumu ya Zanzibar, n'kupangana ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, kuti agwirizane ndi Angerezi ndipo azilandira ndalama chaka ndi chaka. Mu 1890 Zanzibar yeniyeniyo inalowa m'manja mwa Britain, ndipo gombe loyang'anana nayo linatengedwa ndi Germany, imene inalipira mfumuyo ma mark (ndalama za ku Germany) 4 miliyoni. Mu 1891 dziko lino nalo linakhala pansi pa Britain. Tawakali Sudi atamwalira mu 1894, womulowa m'malo, Mwinyi Kheiri, sanakhalitse: atsamunda anamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar, kuchilumba chimene mbendera yake inkauluzika pano kwa zaka zonsezo. Muzu utadulidwa kunyanja yamchere, nthambi ya ku Linga sikanatha kukhala yaiwisi.

Panali kusokoneza kumodzi kumene ndinamupempha kuti akonze. Ankanena za Kilwa ngati malo amodzi, pamene Kilwa amene akukhudza nkhaniyi alipo awiri. Kilwa Kisiwani ndi chilumba, mzinda wakale umene unalemera ndi golide wodzera ku Sofala, umene Ibn Battuta, woyenda m'maiko wa ku Morocco, anauona mu 1331 ndipo Apwitikizi anauthira nkhondo mu 1505. Anthu ochokera kunyanja ino m'nthawi ya a Jumbe ankafikira ku Kilwa Kivinje, tawuni ya kumtunda, ndipo kumeneko ndi kumene ankakwezedwa zombo za matanga kupita ku Zanzibar. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa kukuonetsa kuti kudalirana kwa zilumba ndi gombe kumeneko kunayamba zaka mazana ambiri a Jumbe asanabadwe, ndipo chimene chinkasintha ndi chilumba cholamula ndi katundu wofunidwa.

Dandaulo langa lalikulu pa mbali imeneyi si la madeti ayi. Tinatha nthawi yaitali tikumva maina a a Jumbe anayi, nyumba zawo, zombo zawo ndi manda awo, koma za anthu amene anamangidwa m'magoli n'kuwolotsedwa panyanja pano zinanenedwa m'mphindi zosakwana zisanu. Anthu amenewo anali Achewa, Abisa, Asenga ndi ena, anali ndi midzi, mafuko ndi ana, ndipo ambiri anafera m'njira asanaione n'komwe nyanja yamchere. Ngakhale mfumu Barghash itatseka msika wa akapolo ku Zanzibar mu 1873, zombo zinapitiriza kuwolotsa anthu kuno, ndipo ukapolo pachilumbacho unathetsedwa mwalamulo mu 1897. Ndinafunsa ngati sangaime nafe pagombe, pamalo amodzi okha, n'kulankhula za iwowa mwakachetechete. Anandiyankha kuti nkhaniyi ndi yolemera kuno chifukwa zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa zimapemphera limodzi ndipo zinakwatirana kalekale. Ndikumvetsa, ndipo sindikufuna kuti mwana wanga wasukulu achoke kuno akuloza chala banja la wina kapena chipembedzo cha wina. Komabe ulendo wotchedwa wa mbiri ya malonda a akapolo suyenera kuwasiya akapolowo kunja.

Nkhomaliro tinadyera pakhonde la mayi mmodzi wa m'kaguluko. Anatikonzera mpunga wa faya, chambo chowotcha ndi chigwada chotendera, ndipo kondowole analipo kwa womufuna. Madzi osamba m'manja anali ofunda, mbale zoyera, ndipo chakudya chinali chokwanira. Mayiwo, akutigawira mpunga, anati, "Idyani aphunzitsi, uwu ndi umene anatisiyira Aswahili," ndipo n'zoona kuti ulimi wa mpunga unakula kuno m'nthawi ya a Jumbe, monganso mawu onga mzikiti, shehe, sadaka ndi ngalawa amene timawalankhula osaganizira kumene anachokera. Pa chakudya ndilibe chodandaula chilichonse.

Boti tinakwera cha m'ma 2 koloko masana, mwera utayamba kale kukankha madzi. Aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti m'miyezi yozizira mphepoyi siseweretsedwa, ndipo tikanayamba tsiku pa nthawi yake tikanakwera madzi akadali ogona. M'botimo tinalimo anthu asanu koma majekete oyandamitsa analipo awiri, limodzi lili ndi lamba woduka. Nditafunsa, anandiyankha kuti sitipita kutali. Yankho limeneli sindinalilandire ndipo sindidzalilandira, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma, ndipo munthu amamira ngakhale akuona mitengo ya mango ya kumudzi kwawo. Woyendetsa botiyo yekha ndimuyamikire. Anali wodekha, ankadziwa kulandira funde, ndipo ataona kuti mphepo ikukula anafupikitsa ulendo popanda kudikira kuti timupemphe.

Ngakhale zinali choncho, mphindi zimene tinakhala pamadzi zinandiphunzitsa zimene sindikanaziona ndili pamtunda. Ukayang'ana Linga uli panyanja umaona mmene mchenga wa Sungu unapindira ngati mkono, n'kumvetsa chifukwa chake okhoma zombo anasankha pano. Kum'mawa kunkaoneka mapiri a ku Mozambique, ndipo woyendetsa botiyo, amene anati anabadwira pa Likoma, analoza chakumpoto kwa mapiriwo n'kunena kuti kwawo n'kumeneko, ngakhale kuti chilumbacho sichioneka uli kuno. Apa ndi pamene nkhani inasuntha kuchoka ku zilumba za nyanja yamchere kubwera ku zilumba zathu. Likoma ndi kachilumba ka makilomita 18 okha m'bwalo lake, ka miyala ndi milambe, ndipo kali pafupi kwambiri ndi Cobue wa ku Mozambique kusiyana ndi gombe lililonse la Malawi. Kuyambira kale anthu ake ankadalira kutsidyako pa nkhuni ndi chakudya china, iwo n'kumapereka nsomba, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linapereka gombe lakum'mawalo kwa Apwitikizi koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala kwa Angerezi chifukwa cha mishoni imene inali itakhazikika kale pamenepo, ndipo malire apamadzi atakonzedwanso mu 1954 zilumba ziwirizi zinapezeka kuti ndi nthaka ya dziko lino yozunguliridwa ndi madzi a dziko lina. Zinkalamulidwa kuchokera ku Nkhata Bay mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pamene Likoma linakhala boma palokha, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu osakwana 15,000 pazilumba zonse ziwiri.

Woyendetsa botiyo anawonjezera zake zimene sizili m'mabuku athu a sukulu. Anati asodzi akale amanena kuti khoka la chilimira, limene lero likupha usipa ndi utaka m'madoko onse, linafalikira kuchokera kwawo ku Likoma, ndiponso kuti chimanga, shuga ndi simenti zimene amagwiritsa ntchito pachilumbapo zimachokera kumtunda, pamene nsomba zouma zimayenda njira yobwerera. Anatchula sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja ino kuyambira mu 1951, ndipo mtima wanga unagunda chifukwa agogo anga aakazi, amene anali a pa Likoma, anabwera kumtunda kuno pa sitima imeneyo ali mtsikana ndipo mpaka imfa yawo ankawerenga masiku a sabata potengera tsiku limene inkadutsa. Mnzanga wa jogalafe anakumbutsa kuti nafenso ku Salima tili ndi Mbenji, chilumba chimene a Senior Chief Makanjira amatseka nyengo ya mvula n'kuchitsegula nsomba zitaswana, ndipo pamenepo ndi mfumu ya kumtunda imene imasunga chuma cha pachilumba. Ndikanakonda kagulu aka katamupatsa mpata wolankhula bambo woyendetsa botiyu monga gawo la ulendo, osati mongochitika chifukwa mlendo wafunsa.

Tinamalizira m'tchalitchi cha All Saints, ndipo apa ndinamvetsa chifukwa chimene wotiperekeza anachisungira kumapeto. Anationetsa kuti amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anadzera njira yomwe ija ya amalonda. Atalephera ku Magomero, kumene anafika mu 1861 ndipo Bishopu Mackenzie anamwalira chaka chotsatira, Bishopu Tozer anasamutsira ntchitoyo ku Zanzibar mu 1864, ndipo kumeneko anadzamanga tchalitchi chawo chachikulu pamalo pamene panali msika wa akapolo. Pobwerera kunyanja ino anasankhanso chilumba. Anakhazikika pa Likoma mu 1885, pamalo otetezeka kunkhondo za kumtunda, n'kumayendera midzi ya m'gombe pa sitima yawo ya Charles Janson, ndipo kuno ku Linga anatsegula mishoni mu 1894, ufumu wa a Jumbe ukutha. Anyamata anzeru a m'mbali mwa nyanja ankatumizidwa kukaphunzira kusukulu ya mishoni ya Kiungani, pa Zanzibar, ndipo mmodzi wa iwo, Leonard Kamungu, anadzozedwa unsembe mu 1909 ndipo anatumikirapo kuno asanapite ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia. Tchalitchi chachikulu cha St Peter pa Likoma chinayamba kumangidwa mu 1903 n'kupatulidwa mu 1911, ndipo sukulu za pachilumbapo zinatulutsa aphunzitsi, akalaliki ndi azachipatala amene anadzaza maofesi a kumtunda. Motero Chisilamu ndi Chikhristu cha Anglican, zimene zonse zili ndi mizu yozama ku Nkhotakota, zinafika kuno kudzera pa Zanzibar yemweyo. Mfundo imeneyi bamboyo anainena mwaulemu kwa mbali zonse ziwiri, ndipo ndi imene ndikufunitsitsa kuti ophunzira anga, amene ena ndi Asilamu ena Akhristu, akaimve ali pamalo pake.

M'tchalitchimo muli manda a Chauncy Maples, amene anadzozedwa ku London kukhala bishopu wa Likoma mu 1895 koma sanafike pampando wake, chifukwa boti limene anakwera linagubuduzika ndi namondwe mu Seputembala chaka chomwecho, chakufupi ndi gombe la kwathu ku Salima. Nditaima pamandapo, zovala zikadali zonyowa ndi mafunde a masana aja, ndinatembenukira kwa wotiperekeza n'kumuuza kuti, "Bambo, nkhani ya majekete ija musaitenge ngati yaing'ono." Anagwedeza mutu n'kunena kuti wamva.

Kwa amene akufuna kupita, ndinganene kuti gawo loyenda pansi ndi loyenera ndalama yake, ndipo limaposa zimene ndinkayembekezera pa kagulu kakang'ono kopanda ofesi kapena chikwangwani. Valani nsapato zoyendera mumchenga, tengani madzi akumwa chifukwa iwo sapereka, amayi atenge chitenje ndi mpango, ndipo umirirani kuti boti likhale loyambirira m'mawa, osati masana. Musanatumize ndalama funsani kuti majekete alipo angati, ndipo mukafika muwawerenge nokha musanaponde m'madzi.

Ineyo ndasungitsa tsiku la ophunzira anga mu Okutobala, mwera utachepa. Tagwirizana kuti adzayenda pansi kuyambira pamkuyu mpaka kutchalitchi, kuti tidzaima pagombe kwa mphindi khumi kukamba za anthu amene anawolotsedwa, ndipo gawo limenelo ndidzalitsogolera ndekha ngati bamboyo adzaone kuti n'lomulemera. Woyendetsa boti uja adzabwera kudzawafotokozera za Likoma ndi Chizumulu ali pamtunda. Za kukwera boti ndawauza eni ake kuti ndidzalola pokhapokha atanditumizira chithunzi cha majekete okwanira mwana aliyense sabata imodzi tisananyamuke ku Salima.